Single ya trip hop pa Bandcamp: 4/5, koma pezani mahedifoni kaye

Ndagula single yatsopano ya mtsikana wina wa kuno ku Bristol ku England, alibe label, amajambula yekha kuchipinda kwake nkuponya pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti lomwe oimba amagulitsirapo nyimbo zawo. Mtengo anaika £1 kapena kuposapo mmene mtima wako wakondera, ine ndinapereka £3 poti linali tsiku la Bandcamp Friday, lija kampaniyo sidulapo 15% yake, ndiye pafupifupi yonse imalowa mthumba mwa woimba. Ukalipira umasankha wekha MP3 kapena FLAC, ine ndinatenga FLAC, fayilo ndi yaikulu ndithu ndiye a mabandulo owerengera tengani MP3 basi.

Amene trip hop simuidziwa musayembekezere zovina ngati amapiano ayi. Ng'oma zake ndi za hip hop koma zoyenda mwaulesi, bass yolemera yochokera ku dub ya anthu aku Jamaica, pamwamba mawu ofewa okhala ngati munthu akudandaula yekha. Inabadwira mumzinda uno momwe, gulu la Massive Attack linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1991, la Portishead mu 1994, ndiye mwana wa kuno akaigwira anthu amamvetsera ndi khutu lokayika kuti mwina akungokopera akuluakulu aja.

Uyu sanakopere. Bass yake eeh, imalowa mochedwa, umayamba wamva kaye kuthetheka kwa mbale yakale ya galamafoni ndi kapiyano kobwerezabwereza, kenako ikagwa umaimva pachifuwa osati mkhutu. Pa sipika ya foni zonsezi kulibe, mnzanga ndinamumvetsera choncho anangoti kodi nyimboyi iyamba liti, ndamupatsa mahedifoni anakhala chete mpaka kutha.

Chomwe chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi mixing ya mawu. Reverb, kuja kopangitsa mawu kumveka ngati akuimbira mu holo yaikulu, wachulutsa, vesi yachiwiri mawu amira pansi pa ng'oma moti ndinachita kukawerenga pa tsamba lake kuti ndidziwe akuti chani, pomwe mawuwo ndi abwino, akukamba za lendi ndi kusowa tulo. Apapa mpomwe umaona kuti munthu wapanga zonse yekha opanda wina womuuza kuti ayi apa tsitsako. Kumapeto nakonso yangoduka mwadzidzidzi, ndinayesa foni yazima.

Mbali B anaikako instrumental yake, imeneyo ndiye ndikuimvera kwambiri pa basi pochokera ku shift ya usiku. Akatulutsa EP, kachimbale ka nyimbo zochepa, ndigula, bola apeze munthu wa mixing.