Kalabu ya opalasa ya pa yunivesite: bwato akupatsani, koma thiransipoti ndi yanu

Amene muli ndi ana m'mayunivesite a muno mu Joni, tsiku lina mwana adzakuuzani kuti akufuna kulowa kalabu ya opalasa mabwato, inu n'kudabwa kuti mumzinda wopanda nyanja uno bwatolo alipalasa pati. Madzi alipo ndithu. Kummwera kwa tauni, kufupi ndi Rosettenville, kuli Wemmer Pan, ndipo ku Germiston kuli Victoria Lake. Ine wa ku Nkhotakota sindingawatche nyanja, pakamwa pangandiyabwe, koma bwato limayendapo.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye, analowa kalabu ya pa yunivesite yake chaka chatha. Womuperekeza mbandakucha ndinali ine, ndipo nditatopa ndi kuwodzera m'galimoto ndinalembetsa maphunziro a Loweruka amene kalabuyo imapereka kwa anthu akunja. Zimene ndalemba pano ndaziona ngati kholo lolipira komanso ngati wophunzira wa imvi.

Kaphunzitsidwe kawo ndilibe nako chifukwa. Usanakhudze bwato amayamba akuona ngati umatha kusambira, chifukwa opalasa savala majekete oyandamitsa. Kenako amakukhazika pa makina opalasira pamtunda, aja amati erg, mpaka thupi lizolowere ndondomeko yake: miyendo, msana, manja, ndipo pobwerera manja, msana, miyendo. Amene tinakulira m'bwato losema timadziwa kupalasa ndi mapewa, maso ali kumene tikupita. Kuno zonse n'zotembenuza. Kumene ukupita umakufulatira, mapazi amamangidwa mu nsapato zokhomerera m'bwato momwemo, kampando kamayenda pa timatayala, ndipo mphamvu yaikulu imachokera m'ntchafu. Nkhafi nayo siili m'manja mokha, imakolekedwa pachitsulo chotulukira m'mbali mwa bwato.

Amene amatiphunzitsa ndi mtsikana wa chaka chachitatu, wamng'ono thupi koma mawu ake amamveka tsidya lina la damu. Sakalipa, komanso salekerera. Ndinamuona atagwada pathabwa lokwererapo, atagwira nsonga ya nkhafi ya bambo wina, akuiviika ndi kuivuula mobwerezabwereza mpaka bamboyo anamva yekha m'zala kuti nkhafi imalowa m'madzi itaima chilili, ndipo ikatuluka umaigoneka ndi zala osati ndi mkono wonse. Ikalowa mopendeka madzi amaigwira, chogwirira chake n'kukubaya pamimba, bwato lonse n'kuima. Zikachitika iye amangoti tiyambirenso, ndipo anzako okhala kumbuyo kwako m'bwatomo amakuyang'ana kumsana mwakachetechete. Chilango chake n'chomwecho, ndipo chimagwira ntchito.

Mabwato awo amachititsa mantha kuwanyamula. La anthu 8 limatalika pafupifupi mamita 18 koma kulemera kwake kumangoyandikira makilogalamu 100, pamene la munthu mmodzi la mpikisano limalemera makilogalamu 14 okha. Khungu lake ndi lopyapyala moti ukaponda pamalo olakwika phazi litha kuboola. Ndiye pali mwambo: kunyamula pamodzi, kutembenuza pamodzi, ndipo mukatuluka m'madzi palibe wopita kwawo bwato lisanatsukidwe ndi kubwezeredwa pamalo pake. Mwana amene kunyumba mbale amazisiya m'sinki ndinamupeza akupukuta bwato ndi kansalu mpaka m'makona. Sindinayankhule kanthu.

Ife ongoyamba amatipatsa mabwato akale, ndipo zimenezo n'zomveka. Chosamveka ndi nsapato za m'mabwatomo, zong'ambika kuchidendene, zina zazikulu moti phazi limasambiramo. Tinadandaula, anatiuza kuti zili m'bajeti ya chaka chamawa. Madzi otentha kubafa amabwera mwa apo ndi apo. Koma chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi mauthenga. Kalabu imayendetsedwa ndi komiti ya ophunzira, yosinthasintha chaka ndi chaka, ndiye uthenga wosintha nthawi umagwa pa WhatsApp usiku anthu titagona kale. Nthawi ya mayeso ikafika, aphunzitsi athu amasowa ngati ndalama ya pa 20 mwezi, ndipo Loweruka lina tinangomwa tiyi wa m'fulasiki pageti n'kubwerera. Mlonda wa pamenepo, mnyamata wa ku Mangochi, anandiseka: “Achimwene, inu simudziwa kuti ana ali ndi mayeso? Mukanandiimbira ine.” Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafunsa iyeyo.

Za chitetezo sachita nazo masewera. Mphunzitsi amatsatira pambuyo ndi boti la injini, ndipo miyezi ya mvula kukangong'anima amatitulutsa m'madzi popanda kukambirana, poti mphenzi za kuno mukuzidziwa. Madzi a m'madamu a m'tauni si oti alowe mkamwa, ndiye matuza a m'manja, amene adzabwera ndithu, muziwatsuka ndi sopo ndi kuwamata. Ndipo musadabwe mpweya ukamakutherani msanga. Joni ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, si kunyanja kuno.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene makolo ambiri amafunsa mochedwa. Yolembetsera ya chaka chonse si yoopsa, siifika pa lendi ya mwezi umodzi ya chipinda chabwino, ndipo bwato, nkhafi ndi mphunzitsi zili momwemo. Chimene chimadya thumba ndi msewu. Ophunzira a m'timu amayamba kupalasa kusanache kuti 8 koloko iwapeze m'kalasi, ndipo nthawi imeneyo simungatume mwana wamkazi kukadikira takisi yekha. Okhala m'mahositelo amathandizana magalimoto, koma wochokera kunyumba ngati wathuyu amadalira amalume ake. Petulo wa miyezi ingapo anapitirira ndalama yolembetsera ija kutalitali.

Ndiye pali maulendo. Chaka cha opalasa chimayamba limodzi ndi sukulu mu February, mwezi womwenso kumachitika Buffalo Regatta ku East London. Mipikisano ikuluikulu ya mtunda wa mamita 2,000, womwe ndi wa ku Olimpiki, imachitikira ku damu la Roodeplaat kupitirira Pretoria, ndipo uko n'kofikika, mutha kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Kumeneko ndinakumanako ndi mnansi wathu wa mu Shire, namasupuni, amene amavutitsanso damulo. Koma mtima wonse wa makalabu a mayunivesite uli pa Boat Race ya mu September, pa mtsinje wa Kowie ku Port Alfred, pafupifupi makilomita 1,000 kuchokera kuno. Ndi chifukwa cha mpikisano umenewu ana amapalasa mu June ndi July, udzu utayera ndi chisanu, zala zitauma. Mtsinjewo ndi wokhotakhota ndipo madzi ake amakwera ndi kutsika motsatira nyanja, ndiye wowongolera bwato, amene amati cox, amatha kuwinitsa kapena kuluzitsa anzake, iye osagwira n'komwe nkhafi. Kumakumana mayunivesite a Wits, Johannesburg (UJ), Cape Town (UCT), Rhodes, Stellenbosch ndi ena, koma kwa zaka zambiri chikho cha amuna chakhala chikupita ku University of Pretoria. Mabwato amapita pa ngolo yokoka, ana pa basi, ndipo gawo lina la ndalama ya ulendo, chakudya ndi yunifolomu limagwera kholo. Kalabu imayesetsa kusonkhetsa pogulitsa nyama yootcha ndi masikipa, koma sizikwanira. Chikalata cha ndalamazi chinatipeza mwezi umodzi wokha ulendo usanachitike, pamene akanatha kutiuza mu February.

Mlongo wanga atamva za ndalamazi anaimba foni kuchokera kumudzi. “Achimwene, zimenezi si za azungu kodi? Mwanayo anapitira sukulu kapena usodzi?” Funso loyambalo lili ndi pake. Masewerawa anachokeradi ku England, kumene Oxford ndi Cambridge anayamba kupikisana mu 1829, ndipo mpaka lero amathamangitsana makilomita 6.8 pa mtsinje wa Thames. Akazi anayamba kupikisana pa mtunda womwewo mu 2015. Pakhoma la nyumba yosungira mabwato ya kalabu yathu mbiriyo imaoneka ndi maso: zithunzi zakale ndi anyamata achizungu okhaokha atapinda manja, ndipo ukamayenda kutsata khomalo atsikana amayamba kuoneka, kenako nkhope zakuda. Ndinamujambulira mlongo wanga chithunzi china chimene anachipachika pafupi ndi khomo, cha anyamata anayi amene anapatsa South Africa mendulo ya golide ya Olimpiki ku London mu 2012: Sizwe Ndlovu, Matthew Brittain, John Smith ndi James Thompson. Ndlovu anayambira kupalasa ku Mondeor High School, kummwera kwa Joni konkuno, dera limene ambiri a ife timadutsa tsiku ndi tsiku popita kuntchito. Mu 2016 ku Rio, Lawrence Brittain ndi Shaun Keeling anabweretsanso siliva. Mlongo wanga anangoyankha kuti bola asamire.

Sindikunena kuti zonse zinasalala. Ana ochokera ku sukulu zolipira zodula amafika akudziwa kale kupalasa, ali ndi zovala zake ndi magalimoto, ndipo chaka choyamba wongoyamba kumene amadziona ngati mlendo. Kalabuyi ndiiyamikire apa: ongoyamba ali ndi gulu lawo ndi mipikisano yawo, ndipo mpando m'bwato amaupereka poona nthawi imene wapanga pa erg ndi mmene ukupalasira. Dzina la sukulu yakale silikwera nawo. Za funso lachiwiri la mlongo wanga, magiredi a mwanayu sanatsike. Munthu wodzuka 4 koloko sakhala ndi mphamvu zoyendayenda usiku ku Braamfontein.

Kwa akuluakulu anzanga, maphunziro a Loweruka ndi oyenera ndalama yake ngati mumatha kusambira ndipo mawondo akadali bwino. Kwa makolo, mwana mumulole, koma musanasaine funsani komiti zinthu izi pamaso: ndani azimutenga m'mawa, maulendo a chaka chino ndi angati, ndipo kholo lizipereka zingati pa ulendo uliwonse. Akakuyankhani, awalembe papepala. Wathuyu pano ali m'bwato lachiwiri la atsikana ndipo akulimbirana mpando m'loyamba. Dzulo wandiuza kuti, “Amalume, kuyambira mwezi wamawa tizipalasanso Lachitatu madzulo.” Ndamuuza akafunse kaye mnzake wina wa ku Turffontein ngati bambo ake angavomere kuti tizisinthana masabata owaperekeza.