Kagalaja ka pa Dedza Boma kanapeza chimene chinkaliza mabuleki a Probox yanga

Kwa inu amene mumatsika ndi kukwera msewu wa phiri wa Khwekhwelere ndi galimoto yodzaza katundu, kagalaja aka ndikukayamikira, ngakhale kali ndi zofooka zake zimene sindizibisa. Kali pa Dedza Boma, kalibe chikwangwani, ndi bwalo chabe lotchinga ndi malata, muli amakaniko achikulire ndi anyamata awiri. Chandilembetsa ndemangayi n'choti sanathamangire kundigulitsa mapadi, tija timafinya disiki ya tayala kuti galimoto iime. Anayamba afufuza kaye chimene chikulira, n'kundionetsa ndi maso angawa.

Galimoto yanga ndi Toyota Probox ya otomatiki, mabuleki akutsogolo ndi a madisiki, akumbuyo a madiramu. Ndimapikula mbatata ya kachewere ndi kabichi ku Bembeke ndi pa Lizulu kukagulitsa ku Golomoti mpaka ku Monkey Bay, pobwerera n'kunyamula usipa. Amene mumaudziwa msewu wa Khwekhwelerewu, wopatukira pa Masasa kuchoka mu M1 kukakumana ndi M5 pa Golomoti mukudziwa kuti si msewu wamasewera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja sifika ndi mamita 500 omwe. Ndiye kuti pakamtunda kochepa galimoto imatsika mamita pafupifupi 1,000, makona akuthwa okhaokha, matumba ali pamsana. Kulemera konseko kumasanduka moto m'mabuleki, ndipo ambiri mwa motowo amausenza ndi matayala akutsogolo.

Phokoso linayamba ngati kamluzu kopyapyala kutsogolo kumanzere. Chodabwitsa chinali chakuti kankamveka ngakhale ndisanaponde buleki, ndipo ndikaponda pang'ono nthawi zina kankaleka. Pambuyo pake panabwera kulira kwachiwiri, kokweza, kumene kunkabwera ndikaponda buleki kumunsi kwa mtsetse, pamodzi ndi fungo la chinthu chopserera. Ndikafika pa Golomoti buleki inkafuna phazi lolemera kuposa mmene inalili pa Masasa.

Amakaniko aja asanagwire sipanala anandifunsa mafunso. Kumalira nthawi yanji? Mmawa mokha kapena tsiku lonse? Mukaponda kapena mukachotsa phazi? Chiwongolero chimanjenjemera? Galimoto imakokera mbali? Anati, "Mayi, mabuleki salira kulira kumodzi. Kukakhala kwa mmawa kokha, muno mu Dedza musadandaule nako, ndi kadzimbiri kamene nkhungu ndi mame zimasiya pa disiki usiku, mukaponda kangapo kamachoka. Kukakhala kukwecha, chitsulo pa chitsulo, ndiye kuti padi yatha yense, galimoto isayendenso. Koma kwanuku ndikuona ngati kuli pawiri."

Anaiyendetsa kukazungulira cha ku M1 n'kubwerera, kenako anayandikitsa dzanja pa rimu iliyonse, osaikhudza. Anandiuza nane ndichite chimodzimodzi. Yakumanja inali yofunda chabe, yakumanzere inkawawula. Atakweza pa jeki, tayala lakumanja linkazungulira lokha ukalikankha, lakumanzere linkangoyenda pang'ono n'kuima. Apo m'pamene anachotsa matayala onse awiri akutsogolo, osati la phokoso lokha, ati kuti pakhale pofanizira.

Zimene ndinaona atatsegula n'zimene zandipangitsa kuwakhulupirira. Anayala mapadi anayi onse pa katoni n'kuwayeza ndi kachipangizo koyezera kotchedwa vernier. Akumanja onse awiri anali pa mamilimita 6. Kumanzere, wakunja anali pa 6, koma wamkati anali atatsala mamilimita 2 okha, komanso atatha mopendekeka, mbali imodzi yopyapyala kuposa inzake. Padi yatsopano imakhala ya mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ikafika pa 3 imayenera kuchoka. Pa padi yamkatiyo pali kachitsulo kokhota kamene opanga amaikirako dala, kuti padi ikatsala pang'ono kutha kazikhudza disiki n'kumaimba mluzu. Kachitsuloko kanali katanyezimira kunsonga chifukwa chokhula. Mluzu uja unali umenewo. Mukangosuzumira pa rimu mumaona padi yakunja yokha, ndiye munthu angathe kukuuzani kuti mapadi anu akadali bwino pamene yamkati yatha.

Kulira kwachiwiri kunachokera pankhope pa mapadi. Anali osalala, akunyezimira ngati simenti ya pakhonde yopaka polishi, ndipo ndikapititsa chala sindinkamva kukhakhala kulikonse. Anati padi ikapsa kwambiri nkhope yake imauma n'kuterera, siluma disiki bwino, m'malo mwake imangonjenjemera n'kumalira. N'chifukwa chake buleki inkalimba kumunsi kwa phiri koma galimoto osaima msanga.

Tsono funso linali lakuti, n'chifukwa chiyani padi imodzi yokha yatha? Apa m'pamene ambiri amadumpha. Kalipa, chija chimakumbatira disiki, chimayenera kuseseleka pa timapini tiwiri kuti mapadi onse awiri afinye mofanana ndi kumasuka mofanana. Pini imodzi inatuluka ndi zala. Inayo anachita kuipotokola ndi pulayala ikukana, ndipo itatuluka inali yofiira ndi dzimbiri, youma gwa, kalabala kake kotchinga fumbi katang'ambika. Madzi ndi dothi la misewu ya kumadimba zinalowera pamenepo. Kalipa itagwira chonchi, padi yamkati ndi imene inkagwira ntchito yokha, komanso sinkachoka bwino pa disiki, moti buleki ya tayala limenelo inali ngati yopondedwa pang'ono ulendo wonse. "Tikanangokuikirani mapadi atsopano, mayi, mukanabweranso mvula isanathe, mukanati tinakugulitsani zachabe," anatero.

Piniyo anaikwecha ndi sandipepa wosalala, anatsuka m'dzenje mwake, anaika timalabala tatsopano mbali zonse ziwiri, n'kupaka girisi wa mabuleki. Ndinaona kuti sanatape girisi wa m'chitini chachikulu amene amapaka m'maberingi. Anati ameneyo amafufumitsa labala, pini n'kugwiranso. Ndipo mnyamata wina atagwira nkhope ya padi ndi manja a girisi anamukalipira pomwepo n'kumutsukitsa.

Madisiki anali ndi timizere ndi kamtundu ka buluu kumanzere, chizindikiro cha kupsa. Anandionetsa pamene opanga anadinda MIN TH ndi nambala, kutanthauza kuchepa kumene disiki siyenera kupitirira. Atayeza, onse awiri anali asanafike pamenepo, komanso chiwongolero sichinkanjenjemera, choncho anangowakwecha kuchotsa kunyezimira n'kuwabwezera. Akanafuna akanandiuza kuti ndigule atsopano, ine sindikanatsutsa. Kumbuyo anatsegula madiramu, anachotsa fumbi, anasendeza mashuu, omwe ndi mapadi a m'madiramu, kuti handibuleki isamakwere kwambiri. Sizinatenge nthawi.

Pa mapadi anandipatsa kusankha. Anali nawo otsika mtengo, m'katoni yopanda dzina lodziwika, ndipo ananena mosabisa kuti amenewo ndi a galimoto yozungulira m'tauni, osati ya Khwekhwelere. Abwinowo anachita kuitanitsa ku Lilongwe, mtengo wake pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndinasankha amenewo. Anasintha onse anayi, chifukwa mapadi sasintha tayala limodzi, galimoto ingamakokere mbali.

Chinanso chimene sindinapemphe koma ndikuthokoza kuti anachiona ndi mafuta a mabuleki. Anali akuda. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akamwa madzi amawira msanga. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike pa madigiri 205, koma akalowa madzi amatha kutsika mpaka 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika kufika pa 155. Mafuta akawira mumapangika nthunzi m'mapaipi, pedulo imangolowa mpaka pansi popanda chogwira, ndipo zimenezi zimachitika pamtsetse pomwe munthu ukuifunitsitsa buleki. N'chifukwa chake amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Anakhetsa akale onse tayala ndi tayala, mnyamata ali m'galimoto kupopa, iwo ali pansi kukuwa kuti "popa, gwira," mpaka m'kapaipi munayamba kutuluka oyera opanda thovu. Botolo la DOT 4 analitsegula ndikuona, chidindo chake chili chosadula. Anandichenjezanso kuti mafuta akatsika pang'ono m'kathanki ndisamangothira, chifukwa nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mapadi akutha, kapena pena pakudontha.

Asanandipatse makiyi anapopa pedulo mpaka inalimba, n'kupita nane pamsewu wowongoka kukazoloweza mapadi. Ankathamanga pang'ono, kuponda mwamphamvu ndithu koma osaimiratu, kusiya kuti zizizire, n'kubwerezanso kangapo. Anandilangiza kuti masiku oyambirira ndichepetse katundu.

Kuchokera pamenepo ndatsika Khwekhwelere maulendo ambiri, dzuwa ndi mvula yomwe. Mluzu unatha, fungo lopserera silinabwerenso, ndipo buleki ya pa Golomoti ndi yomweyo ya pa Masasa. Ndikaima pansi n'kuyandikitsa dzanja, marimu onse awiri amakhala otentha mofanana. Mafuta a galimoto nawo ndikuona kuti akukhalitsako, zomwe n'zomveka poti tayala lija linkakoka.

Pali nkhani ina imene amakanikowa anaikamba mokhudzidwa, nane imandikhudza. Chifukwa cha kudula ndi kusowa kwa mafuta a galimoto, madalaivala ena amatsika phiri limeneli pa nyutulo, ena mpaka kuzimitsa injini. Kumeneko n'kusiyira mabuleki okha ntchito yonse, ndipo injini ikazima ndiye kuti mphamvu yothandizira pedulo nayo imatha mukaponda kangapo. Giya imene mungakwerere phiri ndi imenenso muyenera kutsikira. Pa otomatiki ngati yanga ndi 2, pamakona othina L, ndipo buleki kumaiponda mwamphamvu kwakanthawi n'kuisiya ipume, osati kugoneka phazi pamenepo mtunda wonse. Enanso akafika pansi amathira madzi pa marimu akufuka. Disiki yotentha ikazizira mwadzidzidzi imatha kupindika kapena kung'aluka. M'magalimoto amenewa mumakhala anthu, ana asukulu ndi azimayi anzanga a geni.

Zosandisangalatsa zilipo. Galimoto inagona pagalajapo podikira mapadi a ku Lilongwe, pamene anandilonjeza kuti afika madzulo omwewo, ndipo kabichi sadikira munthu. Alibe makina osemera madisiki, moti anu akakhala opindika mudzapitabe nawo ku Lilongwe kapena kugula ena. Malo okhala podikira palibe, ndipo mphepo ya Dedza mukuidziwa. Lisiti anandilembera nditachita kuumirira. Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi mamangidwe a manati a matayala: mnyamata analowetsa paipi ku sipanala n'kuima pamwamba pake ndi miyendo yonse. Alibe sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Kumanga mopyola muyeso kumawononga mabawuti, kungathenso kupotoza disiki yomwe angoisamala kumeneyo, ndipo tayala likaphulika ndili ndekha m'phiri sindingamasule. Nditadandaula, amakaniko anawamasula onse n'kumanganso ndi manja, motsatana mopingasa, koma sizinayenera kudikira kuti ine ndinene.

Mapadi atsopanowa amatulutsa fumbi lakuda lambiri pa marimu, ndipo mmawa wa chiperoni amaimba kamluzu kamodzi kapena kawiri potuluka pageti, kenako zii. Mtengo wa ntchito yamanja unali wabwino poyerekeza ndi nthawi imene anathera pa pini ija. Ngati mukupitako, imbani kapena pitani dzulo lake kuti aitanitsiretu mapadi, ndipo uzani anyamatawo za manati asanayambe kumanga. Anandiuza kuti mvula ikatha ndipitenso akaone timalabala ta mapini ndi mashuu akumbuyo, amene anati atsala theka.