Kachipangizo ka mawu ka USB: kanachotsa kulira kwa udzudzu, koma kuthetheka ndinalimbana nako ndekha

Ndagwiritsa ntchito kachipangizo aka kwa miyezi inayi, kuyambira mu Seputembala mpaka kumapeto kwa Disembala, ndipo ndinachedwa dala kulemba ndemangayi kuti ndione kaye ngati kangapirire kutentha kwa kuno ku Mangochi, kumene mu Okutobala ndi Novembala masana amatha kupitirira madigiri 35. Ndi kaja kofanana ndi fulashi, kokhala ndi mabowo awiri a mamilimita 3.5, lobiriwira la mahedifoni ndi lapinki la mayikolofoni. Ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Komabe amene akufuna kukagula chifukwa mawu amathetheka akamasewera gemu pa kompyuta ayambe wamva zimene ndinakumana nazo, popeza kanachiza nthenda imodzi yokha mwa ziwiri zimene ine ndinkaziyesa nthenda imodzi.

Kompyuta yanga ndi ya pa tebulo, yakale ndithu, ili ndi Windows 10 komanso graphics card (chipangizo chopanga zithunzi za pa sikirini) imene ndinaigula kwa munthu. Ndikamamvera nyimbo kapena kuonera kanema, mawu ankatuluka bwinobwino. Ndikangotsegula gemu, kaya ya mpira kaya ya magalimoto, m'mahedifoni munkayamba kulira kopyapyala ngati kwa udzudzu, ndipo kunkakwera kapena kutsika malinga ndi zimene zinkachitika pa sikirini, moti ngakhale kusuntha mouse kunkasintha kamvekedwe kake. Pamwamba pa kuliraku pankabwera kuthetheka kwa apo ndi apo, ngati chimanga chikukazingidwa pa chiwaya, makamaka ndikamasewera ndi anzanga pa intaneti. Poyamba ndinanamizira mahedifoni n'kugula ena, koma phokoso linali lomwe lija. Nditawayesa onse awiri pa foni, ndinapeza kuti analibe vuto lililonse, ndipo ndalama imeneyo inapita pachabe.

Kachipangizoka ndinakaitanitsa kwa wogulitsa wina wa ku Blantyre, ndipo kanafika patatha masiku awiri kali m'kapaketi kake kosatsegula. Ndiyenera kumuyamikira bamboyo pa chinthu chimodzi: ndisanatumize ndalama anandifunsa kuti phokosolo likumveka bwanji, n'kundichenjeza kuti kachipangizoka kamathandiza pa phokoso lochokera ku magetsi a m'kati mwa kompyuta, osati pa vuto la madriver, timapulogalamu timene timayendetsa zipangizo za kompyuta. Nthawi imeneyo sindinalabadire, chifukwa ndinkaganiza kuti akungodzitchinjiriza kuti ndisadzabweze katundu.

Kulumikiza sikunavute. Nditakabaya pa USB, Windows inakazindikira yokha popanda kufuna pulogalamu ina, ndipo ndinangokasankha pa mndandanda wa zotulutsira mawu. Nditatsegula gemu, udzudzu uja unali utapita, ndipo sunabwererenso mpaka lero. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pali kachipangizo kamene kamasandutsa manambala a mu kompyuta kukhala mphamvu yochepa ya magetsi imene imagwedeza timasipika ta m'mahedifoni. Mphamvu imeneyi ndi yofooka kwambiri, ndipo ikamadutsa pafupi ndi graphics card imene ikukoka magetsi ambiri pa nthawi ya gemu, imatola phokoso la m'njira. Mabowo a kutsogolo kwa bokosi la kompyuta ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa waya wake amayenda mtunda m'kati mwa bokosimo, nthawi zambiri pansi penipeni pa graphics card. Kachipangizo ka USB kamalandira mawu akadali manambala, n'kukawasandutsira kunja kwa bokosi, kutali ndi chipwirikiti chonsecho. Apa pali mfundo imene ndinaizindikira mochedwa: ndikanayamba ndayesa bowo lobiriwira la kumbuyo kwa kompyuta, limene lili pa motherboard penipeni, mwina phokoso likanachepa ndisanawononge ndalama iliyonse. Ndinayesa pambuyo pake, ndipo kumbuyoko udzudzu unkamveka patali, ngakhale kuti sunatheretu ngati mmene unathera pa USB.

Kuthetheka kokha kunatsala, ndipo usiku woyamba ndinakwiya n'kuganiza zolemba ndemanga ya nyenyezi imodzi. Chimene chinandibweza n'chakuti kuthethekako kunali kofanana ndendende pa USB ndi pa motherboard, kutanthauza kuti gwero lake silinali njira imene mawu ankatulukira. Kompyuta imatumiza mawu m'tizidutswa, ndipo pa Windows kachidutswa kalikonse nthawi zambiri kamakhala ka mamilisekondi 10. Purosesa, ubongo wa kompyuta, iyenera kukonza kachidutswa kotsatira koyambako kasanathe kumveka. Driver wina akaigwira purosesa kwa nthawi yaitali, pamakhala kampata kopanda kanthu, ndipo kampata kameneko ndi kamene khutu limamva ngati kuthetheka. Vutoli amalitcha DPC latency, ndipo palibe kachipangizo ka mawu, kotsika mtengo kapena kodula, kamene kangalithetse pakokha.

Ndinaika pulogalamu yotchedwa LatencyMon, imene imayeza kuchedwa kumeneku n'kusonyeza driver amene akuchedwetsa, ndipo ndinaisiya ikuyenda pamene ndinkasewera kwa mphindi 15. Pamwamba pa mndandanda panali ndis.sys, mbali ya Windows imene imagwira ntchito ndi zipangizo za netiweki. Zimenezi zinandilozera ku kadongo ka Wi-Fi (dongle, kachipangizo kobaya pa USB) kotsika mtengo kamene ndinkalumikizira kompyuta ku foni. Nditakazula n'kusewera popanda intaneti, kuthetheka kunatsala pang'ono kutheratu. Tsopano ndimalumikiza foni ku kompyuta ndi waya wa USB, ndipo intaneti imadutsa m'wayamo. Ndinasinthanso zinthu zina zitatu pa Windows, ngakhale kuti sindinaziyese chimodzichimodzi: ndinaika mawu pa 16 bit ndi 48,000 Hz, umene ndi muyezo umene magemu ambiri amagwiritsa ntchito, ndinazimitsa zokometsera mawu zimene zimalembedwa kuti enhancements, ndipo pa zokhudza magetsi ndinasankha High performance n'kuzimitsa USB selective suspend, imene imagoneka mabowo a USB pofuna kusunga magetsi.

Chakumapeto kwa Okutobala kuthetheka kunabweranso, koma mwa mtundu wina. Kunkayamba ndikasewera pafupifupi theka la ola masana, ndipo kunkabwera limodzi ndi kudodoma kwa zithunzi, pamene usiku kunalibe. Purosesa inkafika madigiri oposa 90, ndipo ikatentha chonchi imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, zimene zimachititsa kuti tizidutswa ta mawu tija tichedwe. Nditatsegula bokosi ndinachita manyazi ndi fumbi limene ndinapezamo, chifukwa linali litatseka timipata tonse ta chitsulo choziziritsa purosesa ngati thonje. Amene amakhala pafupi ndi msewu wafumbi m'chilimwe akudziwa zimene ndikunena. Ndinapukuta mafani, ndinapaka thermal paste watsopano (phala lothandiza kutentha kuchoka pa purosesa), ndinachotsa kompyuta pansi n'kuiika pa tebulo, ndipo vutolo linatha. Kachipangizoka kanalibe mlandu pa zimenezi, ngakhale kuti nakonso kamafunda ndithu kakagwira ntchito maola angapo. Sikanazimepo chifukwa cha kutentha.

Pali phokoso lachitatu limene ndiyenera kulitchula chifukwa ambiri kuno timadalira sola ndi invata magetsi akathima. Pa mahedifoni kachipangizoka kamakhala chete, kaya ndili pa magetsi a m'mawaya kaya pa invata. Koma ndikalumikiza masipika amene ali ndi pulagi yawoyawo, pamabwera kung'ung'udza kwa pansipansi, ndipo pa invata yanga, imene ndi ya mtundu wotsika mtengo wa modified sine wave, kumakula kwambiri. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo kung'ung'udza kotereku kumayenda ndi muyezo umenewo. Kunachepa nditabaya kompyuta ndi masipika pa ekistenshoni imodzi, komanso nditataya ekistenshoni yakale imene nditaitsegula ndinapeza kuti ili ndi mawaya awiri okha, pomwe pulagi yake inali ya mano atatu. Kachipangizoka kamatenga mavoti 5 ake ku kompyuta yomweyo, choncho sikadula njira imene phokoso lotereli limadutsa. Ndamvapo anthu akulangizana kuti azidula waya wa earth kuti phokoso lithe. Chonde musatero, chifukwa waya ameneyo ndi amene amateteza munthu wogwira bokosi lachitsulo magetsi akaphonya njira m'kati.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa zimene zili za kachipangizoka pakokha. Pa paketi analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti 7.1, kutanthauza mawu omveka kuchokera mbali zonse, koma bowo la mahedifoni ndi limodzi, ndipo chimene chimatuluka ndi mawu a kumanzere ndi kumanja basi. Pa gemu zimenezi n'zokwanira kudziwa mbali imene mdani akuchokera, koma kulemba kotereku n'kokopa anthu chabe. Bowo la mayikolofoni ndi lofooka: anzanga amadandaula kuti ndimamveka ngati ndili kutsidya kwa Shire, ndipo ndikakweza mphamvu yake pa Windows mawu anga amabwera ndi kafuwe ngati ka wailesi yosagwira bwino siteshoni. Mahedifoni a foni, aja a pulagi imodzi ya mizere itatu, mayikolofoni yake siigwira pokhapokha mutagula kawaya kogawa pawiri, ndipo pa paketi sananenepo. Thupi lake ndi lapulasitiki yopepuka komanso ndi lotambalala, moti limaphimba bowo la USB loyandikana nalo, ndipo waya wa mahedifoni akakokeka pang'ono kamagwedera n'kudula mawu kwa kanthawi. Ndinathana nazo poika kawaya kotalikitsa USB n'kukamatira pa tebulo ndi selotepi, zimene sizioneka bwino koma zikugwira ntchito.

Mphamvu ya mawu pa mahedifoni wamba ndi yokwanira, moti sindipitirira theka. Mahedifoni akuluakulu a mnzanga, amene amagwiritsa ntchito pojambula nyimbo za kwaya, ankamveka motsika ngakhale nditakweza mpaka kumapeto, choncho amene ali ndi otero ayang'ane chipangizo chokhala ndi amplifier.

Amene akukayika ngati kangamuthandize achite izi asanatumize ndalama kwa wogulitsa. Atsegule gemu, atsitse mawu a gemuyo mpaka pa ziro, kenaka amvetsere m'mahedifoni. Ngati kulira kopyapyala kukumvekabe ndipo kukusintha zithunzi zikamayenda, ndiye kuti ndi phokoso la magetsi a m'bokosi, ndipo kachipangizo aka ndi koyenera. Ngati m'mahedifoni muli zii, ndipo kuthetheka kumabwera pokhapokha mawu a gemu akamamveka, ayambe ndi LatencyMon, kadongo ka Wi-Fi ndi fumbi la m'mafani. Ine kanga ndikupitiriza kukagwiritsa ntchito pa mahedifoni, koma mayikolofoni ndaibwezera ku bowo lapinki la kumbuyo kwa kompyuta, kumene anzanga akuti ndimamveka bwino.