Masabata 12 sachedwa kutha kuno ku Tete

Anzanga a ku Dedza, papita zaka 6 chiolokereni pa malire a Calómuè kudzagulitsa mbatatesi kuno ku Moatize. Enanu mukandiimbira, mukatha kufunsa za mtengo wa thumba, mumatsitsa mawu n'kufunsa ngati n'zoona kuti ku Mozambique kuchotsa pakati si mlandu.

N'zoona. Mu Disembala 2014 Pulezidenti wa nthawiyo a Armando Guebuza anasainira lamulo lolola mayi kuchotsa pakati ngati sipanapitirire masabata 12. Wogwiriridwa kapena wopatsidwa mimba ndi wachibale ali ndi masabata 16, ndipo mwana wa m'mimbayo akapezeka ndi vuto lalikulu amalola mpaka 24. Koma zichitikire kuchipatala chovomerezeka, mwiniwake atasaina pempho. Kwathuko tikadali ndi lamulo la 1930 lija, loti pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe, ndipo mu 2021 aphungu anakana ngakhale kuikambirana nkhaniyi.

Zimenezotu ndi za papepala. Imvani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Pali mayi wina wa kumapiri a Tsangano amene ndimapikulako mbatatesi. Ana 5, wotsiriza akadali kumsana. Ankalera ndi jakisoni wa miyezi itatu, koma tsiku lake litakwana anakapeza mankhwala atatha pakachipatala ka kwawo. Anabwerera kawiri, kachitatu anagwa ulesi, poti ndi mtunda wonyamuka tambala woyamba. Kenako mwezi unadutsa osasamba. Anadikira wina, akuti mwina n'kuyamwitsaku.

Zoti lamulo limamulola iye sankadziwa n'komwe, ndinamuuza ndine titakhala pamatumba. Atapita kukachipatala kaja anamuuza kuti zimenezo sachita pamenepo, apite chachikulu. Inali Januwale, mvula ili pakati, msewu matope okhaokha, a njinga zamoto akutchula mametikala oti ungaguleko ufa wa sabata yonse. Ndalama amasunga ndi bambo a kunyumba, ndiye akanapempha kuti ndi yachiyani? Masabata awiri anathera pamenepo, akugulitsa tomato mobisa, khobidi lililonse akumanga pamfundo ya chitenje.

Tsiku lopitalo ndinamuperekeza. Iye Chipwitikizi amangodziwa moni, sukulu analekera kalasi yachiwiri. Changa n'cha pamsika, chowerengera ndalama ndi kukangana ndi makondakitala a maminibasi otchedwa chapa. Pempho lija ndinalemba ndine, pepala nditalitsamiritsa pabondo, iye n'kudinda chala. Namwino woyamba anatiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kufunsa m'Chichewa chomveka bwino, anthu ali pamzere akumva, kuti pamene ankagona ndi mwamuna ankaganiza kuti mutuluka chiyani. Mayi uja anangoweramitsa mutu n'kumakonza mwana kumsana. Wachiwiri anali waulemu, anamutengera mkati n'kumuyeza. Atatuluka anatiuza motsitsa kuti masabata akwana 13.

Ine ndine wa Mvano, mukundidziwa, ndipo nkhani imeneyi mumtima mwanga siikhala bwino. Pobwerera ndinamulimbitsa mtima kuti angobereka, Mulungu adzaona. Anangoti "Chabwino amayi," maso ali pawindo.

Patatha masiku 10 mlamu wake anandiimbira usiku. Mayi uja anali atapita kwa agogo ena a mudzi woyandikana nawo, amene anamumwetsa zowawa n'kumulowetsa phesi la chinangwa. Anataya magazi masiku awiri ali chete m'nyumba, kuopa kuti akanena amangidwa, chonsecho amene wafika akutaya magazi achipatala amamuthandiza. Anamunyamula pangolo ya ng'ombe mpaka pamsewu. Nditafika m'mawa ndinapeza zitenje zitatu m'ndowa, zolimba ngati chikopa. Ndinachapa ndine, madzi ndinasintha kasanu.

Moyo anapulumuka, koma chiberekero anachotsa. Bambo aja mpaka lero amauza anthu kuti mkazi wawo anapita padera.

Ndiye inu amene mumati mwana akalakwa tingomuolotsa malire, muziwerenga masabata kaye, ndalama ya ulendo, ndi munthu wolankhula Chipwitikizi woti akakhale naye pabenchi. Wosakwana zaka 16 amafunanso kholo kapena womulera avomereze.

Mayi uja anayambiranso kubwera ndi mbatatesi mwezi wa Juni. Thumba sanyamulanso yekha, amabwera ndi mwana wake wamkazi woyamba, amene wamusiyitsa sukulu.