Kugwira kachilombo pamtengo kapena kusunga makoko m'botolo?

M'chipululu cha Sonoran, ku Arizona ndi kumpoto kwa Mexico, njere za mitengo ya mesquite ndi palo verde, yomwe imabereka makoko ngati nyemba, zimafumbwa ndi tizilombo ta mtundu umodzi ndi anankafumbwe a nyemba. Pali njira ziwiri zotizindikirira.

Yachangu ndi kugwira kachilomboko pamtengo n'kukaunika ndi galasi lokulitsa zinthu. Kalibe mlomo wautali ngati nankafumbwe wa chimanga, mapiko ake olimba ndi aafupi moti kumatako kumaonekera, ndipo ntchafu zakumbuyo n'zonenepa, zambiri zili ndi timinga. Zimenezi zikuuzani banja lake basi. Kachilombo kakatera pa mesquite, sindiye kuti kanakulira momwemo.

Ine ndimakonda njira yodekha: kutola makoko okhwima, mtengo uliwonse botolo lake, kutseka ndi nsalu n'kudikira milungu ingapo. Mphutsi imakulira m'kati mwa njere, ndipo ikasanduka kachilombo imaboola kabowo kozungulira bwino potuluka. M'makoko a mesquite mumatuluka kwambiri nankafumbwe wotchedwa Algarobius prosopis, yemwe anamutengera ku South Africa mu 1987 kuti achepetse mitengoyi itafalikira mosalamulirika. Pa palo verde, mazira nawo amaulula mwini wake. Nankafumbwe wotchedwa Mimosestes amicus amaikira pakhoko kunja, pomwe wina wotchedwa Stator limbatus amalowera pabowo kapena pamng'alu n'kumata mazira ake panjere penipeni.

Chenjerani ndi timavu ting'onoting'ono totuluka m'botolo lomwelo: timeneto timadya mphutsi, osati njere.