Geti lopanikiza kapena lomanga ndi masikuluwu: zomwe masitepe athu anandiphunzitsa

Amayi atatu a ku tchalitchi kwathu kuno ku Leicester andifunsa kale funso lomweli, ndiye ndati ndiyankhe kamodzi: mwana wayamba kukwawa, tigule geti lotchingira ana pamasitepe lamtundu wanji? Ambirife tinakulira m'nyumba zopanda masitepe, pomwe mwana akalowera kumoto agogo kapena azakhali amamugwira mwendo. Kuno nyumba za lendi ndi zopapatiza, masitepe ake otsetsereka kwambiri, ndipo masana umakhala wekha.

Mitundu ilipo itatu. Pali lopanikiza, lomwe pabokosi amalemba pressure fit. Limaima chifukwa timiyendo take tinayi timakankha khoma mbali zonse ziwiri. Pali lomanga ndi masikuluwu. Ndiye pali lansalu lokulunga, lomwe nalonso limafuna masikuluwu koma mtengo wake ndi wokwererapo. Za mtundu wa penti ndi zoti lachitsulo kapena lathabwa, sankhani nokha.

Ine ndinayamba ndi lopanikiza, ndipo chomwe chinandikoka ndi mawu oti palibe kubowola khoma. Dipoziti yathu inali ya lendi ya masabata asanu, pomwe lamulo la 2019 limalekezera ku England kuno, ndipo sindinkafuna eni nyumba apeze podulira. Ndinagula pa intaneti kwa wogulitsa wina wotchipa. Litafika linapezeka loperewera, chifukwa pamwamba pa masitepe athu ndi masentimita 88. Ndinagula chowonjezera. Kenako ndinazindikira kuti mbali imodzi si khoma koma mtengo wozungulira wogwirira pokwera, ndiye panafunikanso tizitsulo tamphanda. Geti lotchipa lija linatha ndalama kuposa lomwe ndinalikana m'sitolo.

Koma ndalamazo si zimene zimandiwawa. M'kathumba ka pulasitiki munali timakapu tinayi, tomwe ndinatiponya m'dilowa osadziwa ntchito yake. Malangizo anali kapepala kamodzi, zithunzi zosaoneka bwino. Tsiku lina m'mawa ndikupinda zovala kuchipinda ndinamva kugwedeza kuja ana amachita akagwira zitsulo, kenako phokoso lina lachilendo. Nditatuluka ndinapeza mbali yakumwamba ya geti yatsetsereka pa penti, geti lapendekera kumasitepe, mwana wanga wa miyezi 14 ataligonera ndi chifuwa. Ndinamugwira malaya. Mpaka lero ndikaima pamalo paja m'mimba mumatentha. Timakapu tija ndi tomwe timagwira timiyendo kuti tisaterereke, ndipo timamangidwa kukhoma ndi masikuluwu. Ndiye kuti geti lomwe anandigulitsa ngati losafuna kubowola limafuna kubowola ndithu kuti likhale lolimba. Mawuwo sanali pachithunzi chotsatsira.

Nditakwiya ndinayamba kuwerenga. Mageti a ana ku Britain ndi ku Ulaya amayesedwa pa muyezo wotchedwa EN 1930, wa chaka cha 2011, ndipo anapangidwira ana osapitirira miyezi 24. Kuyesa kwina, makina amakankha ndi kukoka geti maulendo 10,000, kutengera ndendende zomwe mwana wanga ankachita m'mawa uja. Amayesanso mipata kuti thupi, mutu kapena zala zisakodwe. Nkhani ya mipatayi ndi yakale: ku America mageti opindika okhala ndi mipata yonga V pamwamba, opangidwa chisanafike chaka cha 1985, anapha ana powakola khosi. Masiku ano dzikolo lili ndi muyezo wake, ASTM F1004, womwe bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu la CPSC linausandutsa lamulo lokakamiza kuyambira mu 2021. Ndinatembenuza geti langa mbali zonse. Panalibe EN 1930, panalibe dzina la kampani kapena adiresi, panalibe nambala yoti ukamva kuti katundu akubwezedwa chifukwa wapezeka woopsa udziwe ngati ndi wako. Wopanga wodalirika amalemba zimenezi pa geti lenilenilo, osati pa tsamba logulitsira pokha.

Ngakhale lopanikiza labwino, lokhala ndi EN 1930, lili ndi chitsulo chopingasa pansi chomwe umadumpha ukatsegula. Pakhomo la kukhitchini palibe vuto, ndipo kumeneko ndili nalo lina lomwe likugwira ntchito bwino. Kamodzi pa sabata ndimalimbitsa timiyendo chifukwa timamasuka. Koma pamwamba pa masitepe, usiku, mwana ali m'manja kapena kumsana, chitsulo chimenecho chingakugwetseni nonse awiri. Lomanga ndi masikuluwu lilibe chitsulocho, limatseguka lonse, ndipo ambiri ali ndi kachotchinga koletsa kuti lisatsegukire kumasitepe. Lansalu ndinaliyesa kwa mnzanga: limasunga malo, koma kulitseka ndi dzanja limodzi kunandivuta, ndipo geti lovuta kutseka limatha kusiyidwa lotsegula.

Za mageti ogwiritsidwa kale ntchito omwe amagulitsidwa pa Facebook, sindikana, koma pakhale malangizo ndi tizitsulo tonse, ndipo onani kaye pa mndandanda wa katundu wobwezedwa womwe ofesi ya boma yoona za chitetezo cha katundu ya OPSS imaika pa gov.uk.

Choncho amayi anzanga, pamwamba pa masitepe ine ndimangovomereza la masikuluwu basi, ndipo wina akanena kuti lake lopanikiza silinasunthepo sindisintha maganizo. Eni nyumba omwe ndinkawaopa aja tinawalembera meseji yopempha chilolezo, ndipo anayankha tsiku lomwelo kuti tibowole, bola podzatuluka tidzatseke mabowo ndi kupakapo penti. Bambo a mwana anabwereka dirilu kwa aneba, anamanga mu mphindi 40, ndipo yankho lija ndinalijambula n'kulisunga pamodzi ndi mapepala a dipoziti.