Kashopu ka Mabaibulo pa Kasungu boma, ndakakonda

Abale, amene mumasowa tulo ndi nkhawa ngati mmene ndinalili ine, pitani pa kashopu kogulitsa Mabaibulo kali pafupi ndi msika pa Kasungu boma. Ine ndinapita mwezi umene mabelo anga a fodya anali ku Chinkhoma, ngongole ya fetereza ikundidikira, usiku ndimangotembenuka pamphasa mpaka tambala kulira.

Mayi amene amagulitsa mmenemo sanandithamangitse ayi, anandipatsa mpando, kundifunsa kuti bambo maso anu amaona bwino zilembo zing'onozing'ono? Ndiye ananditulutsira Buku Lopatulika la zilembo zikuluzikulu, ndikunena pano ndimawerenga ndi tochi ya foni osafinya maso. Chimene chinandigwira mtima nchoti anatsegula okha pa Afilipi 4 ndime 6 ndi 7, pamene Paulo akutiuza kuti tisadere nkhawa koma zopempha zathu tizipereke kwa Mulungu ndi chiyamiko, kenako anaika kapepala pa Mateyu 6 pa nkhani ya mbalame zija zosafesa koma zimadya. Tinapemphera pompo pakauntala, makasitomala ena akudikira, palibe anadandaula.

Ngongole sinathe tsiku lomwelo ayi, koma usiku umenewo ndinagona tulo tabwino koyamba pa masabata atatu.

Chondidandaulitsa nchoti mtengo sanenerera olo pang'ono, komanso chikuto chayamba kusupuka m'mphepete chifukwa ndimayenda nalo mu jumbo panjinga. Mukagula, muguliretu kachikwama kake kazipi, amagulitsanso pomwepo. Lamulungu satsegula, Loweruka amatseka msanga, ndiye mulawire.